Tsamba lodzitsegulanso lokha: mawu olankhulidwa ku Kayelekera



Pa riferendamu ya pa 14 June 1993 tinkangodalira wailesi. Pa 20 July 2011, tsiku la zionetsero, bungwe la MACRA lidaletsa mawailesi omwe si aboma kuulutsa zochitikazo pompopompo, ndipo ambiri adathamangira pa intaneti. Choncho m'pofunika kudziwa momwe tsamba la nkhani limafikira pa foni yanu.

Masamba ambiri amabweretsa nkhani zatsopano pogwiritsa ntchito JavaScript, timapulogalamu toyenda m'kati mwa browser. Koma ena amazimitsa JavaScript. Wina amafuna kuti bandulo isathe msanga, wina ndi mtolankhani woopa kulondoledwa; pa Tor Browser, ukasankha chitetezo chapamwamba, JavaScript imazimiratu. Tsono tsamba limangoti zii, nkhani n'kukhala yomweyo ya m'mawa.

Mankhwala ake alipo, ndipo ndi akale. Mu 1995 a Netscape adayambitsa kamzere kotchedwa meta refresh. Wokonza tsamba amakaika kumutu kwa tsambalo n'kulembapo nambala ya masekondi. Akalemba 60, browser imalitsegulanso tsambalo yokha pakatha mphindi imodzi. Akaonjezera adiresi, imakupititsani ku tsamba lina. Akakaika m'kati mwa chizindikiro cha noscript, kamagwira ntchito kwa okhawo amene azimitsa JavaScript. Nayo seva ingathe kutumiza lamulo lomwelo, lotchedwa Refresh.

Komatu samalani. Njirayi imakoka tsamba lonse nthawi iliyonse. Tsamba la makilobayiti 500 lotsegukanso mphindi iliyonse limadya mamegabayiti 30 pa ola. Lingathenso kukudulani muli m'kati mowerenga kapena kulemba. N'chifukwa chake a W3C amalangiza kuti wowerenga azipatsidwa mphamvu yoimitsa.

Kuno nkhaniyi njofunika. Mgodi wa uranium uno adautsegula a Paladin mu 2009, udaima mu 2014, ndipo a Lotus Resources adauyambitsanso mu 2025. Nkhani za ntchito, za malipiro ndi za madzi a mumtsinje wa Sere anthu a kuno ayenera kuzimva msanga, osati a ku Lilongwe okha.

Pempho langa kwa anzanga okonza masamba a nkhani ndi ili: tsamba lizikhala lopepuka, la mawu ambiri zithunzi zochepa, lizitsegukanso pakatha mphindi zisanu, ndipo pamwamba pazilembedwa nthawi yomwe nkhani idasinthidwa. Ufulu wodziwa zinthu tidaumenyera tonse. Usathere pa iwo okha a mafoni odula.