Belu la ku Urakami



Pa 6 Ogasiti Eklezia amachita chaka cha Kusandulika kwa Ambuye athu Yezu. Timakumbukira tsiku lija pamene adakwera phiri pamodzi ndi Petulo, Yakobe ndi Yohane, naŵaonetsa ulemerero wake. Liwu litamveka mumtambo, atatuwo adagwa chafufumimba ndi mantha; koma Yezu adaŵakhudza naŵadzutsa, ndipo onse adatsika phiri ali amoyo. Tsono pa tsiku lomwelo m'chaka cha 1945, nthaŵi itangopitirira 8 koloko m'maŵa, kuŵala kwina kudang'anima pamwamba pa mzinda wa Hiroshima ku Japan. Mtambo udaonekanso. Pofika kumapeto kwa chakacho anthu pafupifupi 140,000 adali atafa ndi bomba limodzi lokha.

Mphamvu imeneyi adailenga ndi Mulungu, naibisa m'kati mwa tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa maatomu. Mu 1938 akatswiri a ku Germany adapeza kuti atomu ya yuraniyamu imatha kusweka. Ikasweka imatulutsa tizidutswa tokaswa anzake, anzakewo nkuswanso ena, monga umayendera moto wa lupsa pa udzu wouma, koma zonsezi m'kuphethira kwa diso. Yuraniyamu wambiri amene Amereka adapangira mabomba oyamba adakumbidwa ndi manja a anthu akuda ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo. Ndipo pamene adayesa bomba loyamba m'chipululu cha New Mexico pa 16 Julaye 1945, kuyesako adakutcha Trinity, ndiye kuti Utatu. Ife amene timayamba pemphero lililonse m'dzina limeneli, thupi limatichita nyansinyansi tikamva zimenezi.

Koma lero tifuna kuima pang'ono pa Nagasaki, pakuti kumeneko kuli abale athu a ubatizo umodzi. Fransisko Saveriyo Woyera adafika ku Japan mu 1549, ndipo Nagasaki udasanduka likulu la Akhristu. Mu 1597 Paulo Miki ndi anzake, onse pamodzi 26, adapachikidwa pa mitanda pa kaphiri ka mumzindamo. Mu 1614 chipembedzo chathu chidaletsedwa m'dziko lonse, ansembe napirikitsidwa kapena kuphedwa. Zaka zoposa 200 alimi a ku Urakami, mudzi wa kumpoto kwa mzindawo, adasunga chikhulupiriro opanda wansembe, opanda Misa. Ankabatiza okha ana ao, naphunzitsana mapemphero monong'ona. Mu 1865 ena mwa iwo adadziulula kwa Bambo Petitjean, wansembe wa ku France, ndipo chifukwa cha kudziululako ambiri adatengedwa ukapolo, ena nafera komweko. Chiletso chitatha mu 1873, otsala adabwerera kwao, ndipo pang'onopang'ono, mwa umphaŵi wao, adamanga tchalitchi lalikulu la njerwa.

Pa 9 Ogasiti 1945 ndege yonyamula bomba lachiŵiri idalinga ku mzinda wa Kokura, koma mitambo ndi utsi zidaphimba mzindawo, choncho idatembenukira ku Nagasaki. Nthaŵi ili 11:02 bombalo lidaphulika pamwamba pa Urakami, mamita ngati 500 kuchokera pa tchalitchi lija. M'katimo mudali ansembe aŵiri ndi Akhristu odzalapa pokonzekera chaka cha Kutengedwa Kumwamba kwa Amayi Maria. Palibe adapulumuka. Mwa Akatolika ngati 12,000 a ku Urakami adafa pafupifupi 8,500. Dotolo Takashi Nagai, atatha masiku akuthandiza opsa, adabwerera pa phulusa la nyumba yake, napeza mafupa a mkazi wake Midori, kolona yosungunuka ili pambali. Zimene mafumu ozunza adalephera kuchita m'zaka mazana, bomba lochokera ku dziko la anthu obatizidwa lidazichita m'kamphindi.

Tikudziŵa kuti alipo amene anganene kuti: nanga si bomba lomwelo lidathetsa nkhondo? Japan idagonja pa 15 Ogasiti, ndipo pakati pa amene adabwerera kwao amoyo padali asilikali athu a KAR, amene adamenyana ndi Ajapani m'nkhalango za Burma. Ndiponso ankhondo a Japan adachita zankhanza zosaneneka ku China ndi kwina. Funso limeneli sitilinyoza. Koma chiphunzitso chimene tidalandira nchakuti sitichita choipa kuti chabwino chitulukemo. Mwana wa pa sukulu ku Urakami sadali msilikali. Nchifukwa chake Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatikano mu 1965 udaphunzitsa kuti kuononga mizinda yathunthu pamodzi ndi anthu ake mosasankha ndi mlandu wolakwira Mulungu ndi munthu yemwe.

Bomba limeneli silitha kupha pa tsiku lophulika. Limasiya poizoni wosaoneka m'magazi ndi m'mafupa, kotero kuti opulumuka ambiri adadwala khansa patapita zaka, ndipo atsikana ena adakanidwa ukwati chifukwa anthu ankaopa ana amene angabereke.

Pambuyo pake maiko adayamba mpikisano. Russia idaphulitsa lake mu 1949, Britain mu 1952, China mu 1964. France idayesa lake loyamba mu 1960, osati kwao ai, koma m'chipululu cha Sahara ku Algeria. Pofika 1986 padali mabomba ngati 70,000 pa dziko lapansi. Nkhondo idasintha nkhope. Kale mfumu inkasonkhanitsa ankhondo kuti ipambane; tsopano akuluakulu adasunga zida zoti akangozigwiritsa ntchito, wopambana palibe. Adagwirana pakhosi nkumati ndiwo mtendere. Zoonadi sadamenyane maso ndi maso, koma mkangano wao udakaphulikira ku Korea, ku Vietnam ndi ku Angola, kumene amphaŵi adafa ndi mfuti wamba.

Mu Okutobala 1962, pa nkhani ya mizinga ya Russia ku Cuba, dziko lidafika pa mlomo wa phompho. Papa Yohane wa 23 adalankhula pa wailesi, monga tikuchitira panomu, kupempha atsogoleri kuti amve kulira kwa anthu, ndipo mu 1963 adalemba kalata yake Pacem in Terris, yopempha kuti zida zimenezi ziletsedwe. Papa Yohane Paulo wachiŵiri, amene adapita ku Hiroshima ndi ku Nagasaki mu 1981, adati mu 1982 kusunga mabomba oopsezera adani kungaloledwe pokhapokha ngati ndi sitepe ya pa njira yoŵachotseratu. Zaka zidapita, ndipo amene adaloledwa kupuma panjira adamangapo nyumba. Tsono mu 2017 Papa Fransisko adanena poyera kuti ngakhale kungokhala nazo zidazi nkolakwa, ndipo adabwereza zomwezo ku Hiroshima mu 2019.

Kodi nzosatheka kuzitaya? South Africa idapanga mabomba 6, pambuyo pake niŵaphwasula yokha, ndipo Pulezidenti de Klerk adaulula zimenezi mu 1993. Mu 1996 maiko a mu Afrika adasaina pangano la Pelindaba loti zida zotere zisapezeke pa nthaka yathu. Komabe mabomba ngati 12,000 akadalipo, ndipo ndalama zoŵasamalira zikadatha kugula mankhwala ndi mabuku a ana osaŵerengeka.

Tchalitchi la ku Urakami lidali ndi mabelu aŵiri. Limodzi lidaonongeka. Linalo Akhristu otsala adalifukula m'zigumukire, nalipachika pa mitengo, ndipo lidalira usiku wa Khrisimasi wa 1945, pakati pa phulusa ndi manda. Tchalitchilo lidamangidwanso mu 1959, koma nsanja imodzi idakhala yopanda belu. Akatolika a ku Amereka adasonkherana ndalama nasulitsa lina, ndipo pa 9 Ogasiti 2025, patapita zaka 80, mabelu aŵiri adaliranso pamodzi ku Urakami.