Mau Onenedwa pa Msonkhano wa Bungwe: Za Kuphunzitsa Anchito Atsopano pa Yunivesite ya ku Ndata

 Tiyamika kuti mwatipatsa danga lakunena mau pa nkhani imene munatituma kuilingalira, ndiyo ya ana athu olembedwa nchito chatsopano pa Yunivesite ya ku Ndata, muno m'Thyolo, ndi maphunziro amene ayenera kulandira atalowa pa nchitopo.

Mudziwa inu nonse kuti sukulu imeneyi, dzina lake Malawi University of Science and Technology, inakhazikitsidwa ndi lamulo m'chaka cha 2012, nimangidwa ndi ngongole yochokera ku China pa malo a Ndata a malemu Bingu wa Mutharika, ndipo ophunzira oyamba analowa m'chaka cha 2014. Anthu akamva dzina lakuti Yunivesite aganizira aphunzitsi akuru okha. Koma nyumba yotere iyenda ndi manja ambiri: alembi, owerengera ndalama, osunga mabuku, othandiza m'zipinda zoyesera zinthu, amagetsi, oyendetsa galimoto, alonda a pa chipata. Mau athu lero anena za onsewa pamodzi. Munthu akalandira kalata yomlemba nchito walowa pakhomo chabe. Kuidziwa nchitoyo kudza pambuyo, ndipo kudza ngati alipo womphunzitsa.

Ife a m'Thyolo sitisowa fanizo, pakuti tinabadwira pakati pa tiyi. Mtengo wa tiyi uyambira ku nazale pansi pa mthunzi, nuthiriridwa miyezi yambiri usanaokedwe m'munda. Utaokedwa, audulira kuti utambalale, ndipo zipita zaka zitatu kapena zinai mwini munda asanayambe kuthyolako masamba okwanira. Palibe mwini esiteti amene aoka mbande lero nafuna dengu lodzaza mawa. Nanga bwanji munthu, amene aposa mtengo, timlowetsa mu ofesi Lolemba ndi kuyembekeza kuti pofika Lachisanu adziwa zonse? Makolo anati m'mera mpoyamba.

Tsono tikumbuke umo makolo athu anaphunzirira nchito m'minda imeneyi. Tiyi anayamba kubzalidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891 ndi Henry Brown, mbeu yake itachokera ku munda wa Mishoni ya Blantyre. Kuno anafika m'chaka cha 1908 pa Bandanga, ndipo Satemwa inatsegulidwa m'chaka cha 1923. Amene anagwetsa mitengo, nakumba maenje, nathyola masamba ndiwo agogo athu, Amang'anja ndi Alomwe ochokera ku Mozambique, ambiri a iwo pa thangata, limene linatha m'chaka cha 1962. Iwo anaphunzira ndi maso. Kapitao anaonetsa kamodzi kuti uthyole masamba awiri ndi nsonga yake, ndipo wolakwa anazindikira kulakwa kwake pa sikelo, dengu lake litakanidwa. Mnyamata wa ku mishoni wodziwa kulemba anapatsidwa buku la matikiti, nakhala kalaliki kufikira imvi. Makwerero a munthu wakuda analekeza pamenepo, pa ukapitao ndi ukalaliki. Nzeru za kufotetsa ndi kuumitsa tiyi m'fakitale, za kusunga mabuku akuru a ndalama, ndi za kugulitsa ku London zinakhala m'manja mwa Azungu. Agogo athu sanali operewera nzeru ai. Panalibe wowatsegulira buku. Ngakhale sukulu ya sekondale yoyamba m'dziko lino inatsegulidwa mochedwa, ku Blantyre m'chaka cha 1940.

Ichi ndicho tiopa, mafumu: kuti zidzukulu za anthu amenewa zingalowe pa chipata cha nyumba ya nzeru, nizikalambira pa mpando umodzimodziwo umene zinayambira, monga anachitira makalaliki a kale.

Koma mbiri yathu iri nazo zitsanzo zabwinonso. Pa Domasi panatsegulidwa sukulu ya Jeanes m'chaka cha 1929, kumene aphunzitsi ogwira kale nchito anabwerera kukaonjezera nzeru, ndipo m'zaka zotsatira mafumu omwe anapita kumeneko ndi akazi ao kukaphunzira za mabwalo a milandu, zaulimi ndi zaukhondo wa m'midzi. Anali atakhala kale pa mpando, koma sanayese manyazi kukhalanso pa benchi. Pa Malamulo, muno m'Thyolo momwe, chipatala cha mishoni chaphunzitsa othandiza madokotala ndi anamwino zaka zambirimbiri, wophunzira aimirira pambali pa wodziwa. Ndipo pa Mpemba anayamba kuphunzitsa anchito a Boma poyandikira ufulu wathu. Njira iripo ndithu, ndipo siiri yachilendo.

Chifukwa chake tiika pamaso panu mau asanu, kuti mukawabvomera Mlembi awatumize mwaulemu kwa akuru a Yunivesite monga maganizo a Bungwe. Sitinena kuti iwo sazichita izi. Tinena kuti ife eni dera tizifuna, ndipo tidzakondwa kuziona zirikukula.

1. Wanchito watsopano ali yense, wamkuru kapena wamng'ono, apatulidwire masiku oyamba akuphunzira malamulo a nyumbayo: maola a nchito, tchuthi, kwa yani akadandaule, ndi chimene chichotsetsa munthu nchito. Kwa iwo osazolowera Chingerezi, mau awa amasuliridwe m'Chichewa, pakuti munthu sasunga lamulo limene sanalimve.

2. Apatsidwe mnzake wakale pa nchitoyo womyendetsa miyezi yoyamba, amene angathe kumfunsa kopanda mantha. Safunsa anadya phula. Koma ambiri safunsa chifukwa aopa kusekedwa.

3. Lamulo la Zolemba Anchito la m'chaka cha 2000 lilola nyengo yakuyesedwa kwa wanchito waluso, yosapitirira miyezi 12. Nyengo imeneyi ikhale ya kuphunzitsa. Mkuru wake akhale naye pansi nthawi ndi nthawi, namuuze poyera pamene achita bwino ndi pamene aperewera, asadikire tsiku lomaliza.

4. Aphunzitsi atsopano aphunzitsidwe kaphunzitsidwe. Munthu akhoza kudziwa masamu onse, koma kuwalowetsa m'mutu mwa ana zana okhala m'chipinda chimodzi ndilo luso lina. Ndipo apatsidwe danga lakukwera kufikira digiri ya udokotala, kuti asamakhale pansi pa alendo masiku onse.

5. Anchito a pansi asaiwalike. Mlembi aphunzire kompyuta ndi kusunga ndalama, wamagetsi akayesedwe mayeso a luso lake. Olemba anchito m'dziko lino apereka ku TEVETA tambala imodzi pa kwacha iri yonse ya malipiro, ndalama imene cholinga chake ndicho kuphunzitsa luso; nkoyenera kuti anchito otere alaweko phindu lake. Pomwe ana a eni ake achokera ku Karonga ndi ku Nsanje kudzatunga nzeru, sikuyenera kuti wosesa m'chipindamo abwerere kwao ndi mtsuko wouma.

Tsono titembenukire kwa ife tokha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Inu mafumu, mau anu alemera m'midzi. Mwana wa m'mudzi mwanu akalembedwa nchito ku Ndata, muitaneni, mumlangize monga mulangiza wolowa m'banja: afike pa nthawi yake, asalandire kanthu m'manja mwa wophunzira kapena kholo lake, asaulule za m'makalata a ofesi pa msika wa Goliati. Ndiponso tisapite kwa akuru a sukulu kukapempherera mphwathu malo amene sanawaphunzirire; tikatero tichititsa manyazi mudzi wonse, ndipo titsekera khomo ana ena oyenera.

Abale a m'Bungwe, makamaka ife alembi ogwira nchito m'maesiteti, tichite chomwecho kwa anyamata ndi asungwana olowa m'maofesi mwathu. Ena a ife tibisa nzeru, kuopa kuti mwanayo angatilande mpando. Mtima umenewo ndiwo unatsekereza agogo athu, ndipo sukhala wabwino chifukwa chakuti tsopano uli mwa munthu wakuda.

Ndipo inu ana athu olembedwa chatsopano, ngati kalata iyi ifika m'manja mwanu, musayese setifiketi yanu mathero a ulendo. Funsani, lembani chimene mwauzidwa, ndipo maphunziro akalengezedwa perekani dzina lanu msanga. Mudziwenso kuti akale adzaphunzira kwa inu, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumoko katulutseni ndi ulemu.

Bambo Wapampando, tipempha kuti mafumu akambe mau asanuwa ndi anthu ao, ndi kuti pa msonkhano ukudzawo tidzamve mayankho, kalata isanatumizidwe ku Ndata. Mau athu athera pomwepa.