Nyumba ya Udzu ya ku Orchards

Lelo tipita kutali pang'ono, ku mzinda wa Johannesburg, umene makolo athu opita ku migodi anali kuucha Joni. Koma sititsika mumgodi ai. Tikaona nyumba imodzi cabe, imene ili pa mseu wa Pine Road m'dela la Orchards, cakumpoto kwa mzindawo.

Nyumbayo inamangidwa m'caka ca 1907. Pa nthawiyo Johannesburg unali mzinda watsopano, pakuti golide anapezeka kumeneko mu 1886, ndipo Orchards kunali kunja kweni-kweni. Mwini wake anali Hermann Kallenbach, Myuda wokulila ku Germany, mmisili wolemba mapulani a nyumba, amene anafika ku South Africa mu 1896. Azungu ambili a masiku amenewo anali kumanga nyumba za ngodya zinai ndi kufolela malata. Kallenbach anatengela mamangidwe a kumudzi. Anamanga zipinda ziwili zozungulila monga nyumba za agogo athu, nazilumikiza ndi cipinda cacikulu, ndipo zonsezo anafolela udzu. Dzina lake anaicha The Kraal, mau amene Azungu a kumeneko amanenela khola la ng'ombe kapena mudzi wa anthu akuda.

Musaganize kuti anafolela udzu cifukwa cosowa ndalama, popeza pabwalo panali khola la akavalo ndi malo osewelelapo tenesi. Inu amene mumagona m'nyumba za udzu mudziwa ubwino wake. M'mwezi wa October m'kati mumazizila bwino, ndipo mvula ikagwa mumamvana polankhula, pamene pansi pa malata mpofunika kufuula. Denga la udzu liyenela kukhala lotsetseleka kwambili kuti madzi asakhalepo ndi kuoletsa udzu. Kutsetseleka kumeneko kumasiya malo aakulu pansi pa tsindwi, ndipo m'malo otele munali kacipinda kokwelako ndi makwelelo.

M'kacipindako munali kugona loya wa Cimwenye, Mohandas Gandhi, m'zaka za 1908 ndi 1909, pamene mkazi wake ndi ana anali ku Phoenix pafupi ndi Durban. Iye ndi Kallenbach anali mabwenzi a ponda apa nane mpondepo. Anali kuphikila pamodzi, osadya nyama, ndipo moseka anali kuchana maina a nyumba ziwili za malamulo: Gandhi ndiye Nyumba Yapamwamba, Kallenbach Nyumba Yapansi.

Tsono mvetsetsani apa. Ngakhale Gandhi anali loya wophunzila ku London, sakanatha kugula nyumba imeneyi, kapena kulembetsa dzina lake pamodzi ndi la mnzake. Lamulo la Transvaal la mu 1885 linaletsa Amwenye kukhala ndi malo ao-ao kupatula m'madela amene boma linawapatulila. Lamulo lina linawakakamiza kulembetsa, kudinda zala ndi kuyenda ndi zitupa. Pa 16 August 1908, Gandhi akali kukhala ku Orchards, Amwenye anasonkhana pa mzikiti wa Hamidia natentha zitupa zao mumphika waukulu wacitsulo. Kukana lamulo loipa kotele, kopanda nkhondo, anakucha satyagraha, ndiko kunena kugwilitsitsa coonadi. Funsani akulu-akulu kwanu, adzakuuzani kuti mu 1961 anthu a dziko lino naonso anatentha zitupa pomenyela ufulu.

Awiliwo anacoka m'nyumbamo mu 1909. Caka cotsatila Kallenbach anagula munda wa maekala 1,100 kunja kwa mzinda, woti pakhale mabanja a anthu omangidwa cifukwa ca satyagraha, ndipo unachedwa Tolstoy Farm. Nyumba ya ku Orchards inapita m'manja mwa eni ena, banja ili kugulitsa kwa banja lina, mzinda nukula mpaka kuizinga mbali zonse. Codabwitsa ncakuti palibe anaigwetsa, pamene nyumba zambili zakale za mumzindamo zinapasulidwa kuti pamangidwe zatsopano.

Mu 2009 inagulidwa ndi kampani ya za maulendo ya ku France yochedwa Voyageurs du Monde, ngakhale kuti ku India ambili anafuna kuti igulidwe ndi dziko lao. Kampaniyo inaikonzanso, ndipo mu 2011 inaitsegula monga nyumba yosungilamo mbili ndiponso yogonamo alendo, ndi dzina latsopano lakuti Satyagraha House.

Aphunzitsi, nkhani ino ikatha tulukani ndi ana mukaone nyumba yakale koposa zonse pafupi ndi sukulu lanu. Ana akafunse mwaulemu kuti anaimanga ndani, m'caka citi, ndi zipangizo zotani, ndiponso kuti akhalamo ndani kufikila lelo. Pobwelako aliyense aijambule m'buku lake, alembe maina a mbali zake: khonde, mizati, phaso ndi tsindwi.