MPINI WA NDODO YA GOFU: KUFEWA NDI KULIMBA KWAKE

Mlimi wa mbatata ya kachewere wa ku Bembeke sagula khasu chifukwa cha kunyezimira kwa chitsulo chake chokha. Amayamba waugwira mpini, nauyesa kulemera ndi kutalika kwake, pakuti adziwa kuti mpini wosagwirizana ndi dzanja lake udzamtopetsa dzuwa lisanafike paliwombo. Nzeru yomweyi ndiyo ifunika kwa munthu amene ali kusankha ndodo yomenyera mpira wa gofu.

Masewera a gofu si achilendo ku Dedza. Bwalo lake linalambulidwa pa boma pomwepo, m'tsinde mwa phiri, m'masiku a atsamunda. Monga m'mabwalo a ku Lilongwe, Limbe ndi Zomba, Amalawi ambiri anayamba kudziwa masewerawa ali anyamata onyamula zikwama za osewera. Kawirikawiri wophunzira sagula ndodo yatsopano. Amalandira yosiyidwa ndi wina, kapena kugula yakale yochokera ku South Africa kapena ku Ulaya, imene inapangidwira munthu wa msinkhu wina ndi mphamvu zina. Apa ndi pamene pamayambira vuto.

Malamulo amalola wosewera kunyamula ndodo zosapitirira 14. Yaitali koposa ndi imene osewera amaitcha driver, yomenyera mpira woyamba kuti upite patali. Zambiri zimatalika mainchesi ngati 45. Ndodoyi ili ndi zigawo zitatu: pogwirira, mutu umene umagunda mpira, ndi mpini wolumikiza ziwirizi. Munthu akamatsitsa ndodo, mpini umapindika pang'ono, mutu nutsalira m'mbuyo, kenaka umawongoka monga ichitira nsungwi ya msodzi. Mpini woyenera umabweza mutu pa nthawi yake, nkhope yake itayang'ana kumene mpira uyenera kupita.

Kale mipini inali ya mtengo wa ku America wotchedwa hickory, ndipo uliwonse unali ndi khalidwe lakelake. Mipini yachitsulo inaloledwa ku America m'chaka cha 1924, ndipo bungwe la Royal and Ancient la ku St Andrews, m'dziko la Scotland, linaivomereza mu 1929. M'zaka za m'ma 1970 kunafala mipini ya graphite, yopepuka kuposa chitsulo, ndipo masiku ano pafupifupi driver aliyense ali ndi mpini wotere.

Opanga ndodo amalemba chilembo pa mpini chosonyeza kulimba kwake. Zilembozo ndi zisanu: L ndi wofewa koposa, A ndi wofewa pang'ono, R ndi wapakatikati, S ndi wolimba, ndipo X ndi wolimba kwambiri. Chimene chimalamula ndi liwiro la mutu wa ndodo pamene ukugunda mpira. Mwachiyerekezo, liwiro losafika makilomita 120 pa ola limafuna L. La pakati pa 120 ndi 135 limafuna A. La 135 mpaka 150 limafuna R. La 150 mpaka 170 limafuna S. Ndipo loposa pamenepo limafuna X. Akatswiri a m'mipikisano yaikulu ya ku America amapitirira makilomita 180. Komabe palibe muyeso umodzi umene makampani onse anagwirizana, kotero S wa kampani ina akhoza kufanana ndi R wa kampani inzake. Chilembo chimangoloza njira, koma sichifikitsa munthu pakhomo.

Mpira ndiwo mboni yosanama. Mpini ukalimba kupitirira mphamvu za munthu womenya ndi dzanja lamanja, kawirikawiri mpira umayenda mmunsi, sufika patali, ndipo umakhotera kumanja. M'manja ndodo imamveka ngati mtengo wouma. Mpini ukafewetsa, mpira umakwera kwambiri, nthawi zambiri umathawira kumanzere, ndipo mipira imagwa mobalalika. Kwa wamanzere mbalizi zimatembenuka. Koma mpira umodzi kapena iwiri si umboni wokwanira, chifukwa kagwiridwe kolakwika ndi kaimidwe koipa nazonso zimakhotetsa mpira.

Ku Dedza kulinso chinthu china chimene chikhoza kusocheretsa wosewera. Tauniyi ili pa mtunda wa mamita ngati 1,600 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo nsonga ya phiri lake ifika mamita 2,198. Pamalo okwera chotere mpweya umakhala wopepuka, ndipo sutchinga mpira kwambiri. Mpira umene ungapite mayadi 200 ku Durban, m'mbali mwa nyanja, ukhoza kuwonjezera mayadi 10 kapena 12 ku Dedza, ngakhale womenyayo ndi yemweyo. Munthu woyesa mphamvu zake poona kutalika kokha angaganize kuti ayenera mpini wolimba, pamene wamthandiza ndi mpweya wa kumapiri. M'miyezi ya June ndi July zinthu zimasintha: chisanu chimaumitsa thupi, manja amachedwa, ndipo mpira wozizira suuluka bwino. Choncho si bwino kuweruza ndodo m'mawa wa chiperoni.

Kumene kuli makina, akatswiri amayesa liwiro la mutu wa ndodo, kapena amamanga mpini ku mbali yogwirira ndi kuwerenga kuti ukugwedezeka kangati pa mphindi imodzi. Wolimba umagwedezeka mofulumira. Kumene kulibe makina, wosewera abwereke ndodo ziwiri za zilembo zosiyana, amenye mipira khumi ndi iliyonse tsiku lopanda mphepo, thupi litatenthedwa kale, ndipo ayang'ane imene yasonkhanitsa mipira pamalo amodzi. Mpira umodzi wopita kutali sulipira isanu yotayika m'tchire. Ngati chilembo chinafufutika, agwire ndodo ziwirizo mosinthana ndi kuzigwedeza. Dzanja limazindikira yofewa.

Cholakwa chofala ndi kunyada. Amuna ambiri amaona ngati chilembo cha S ndi chizindikiro cha chamuna, ndipo amachita manyazi ndi R kapena A. Zotsatira zake n'zakuti amataya ndalama zambiri pa ndodo imene ikulimbana nawo. Choopsa kwambiri chimagwera mwana wophunzira: akapatsidwa ndodo yolimba ndi yaitali ya munthu wamkulu, amakakamiza thupi, nazolowera kamenyedwe kopotoka kamene kamavuta kukonza atakula. Kudula ndodo yotere kuti imkwane kumaonjezeranso kulimba kwa mpini. Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Makolo, aphunzitsi ndi osewera amene amapereka ndodo zawo kwa achinyamata achita bwino kuyamba aona chilembo cha pa mpini, ndi kupita nawo pa bwalo kukaona mmene mpira ukuulukira.