Chifundo changa chinapha kamwana ka gwape

 Mwandipatsa mphindi zochepa kuti ndilankhulepo za ana a nyama zakutchire, makamaka ana a gwape ndi a mbawala, aja timawapeza ali okha kumunda kapena m'thengo. Ndiyamba ndi kuulula mlandu wanga, kuti wina asati ndikudziyesa katswiri.

Ndili Sitandade 7, ine ndi msuweni wanga tinapita kokumba mbewa m'mwezi wa Ogasiti. Pansi pa chitsamba china tinaona kanthu kotuwa katadzipinda. Kuyandikira, tinapeza kuti ndi kamwana ka gwape, kochepa ngati kambuzi kobadwa kumene. Sikanathawe, kanangoti zii, maso okha ali tong'o. Tinayang'ana uku ndi uku, make osaoneka. Tinati basi, kamasiye aka. Ndinakakulunga m'malaya anga, ulendo kunyumba, za mbewa zija taiwala.

Madzulo amenewo ana a mudzi wonse anadzaza pakhomo pathu, aliyense kufuna kukagwirako. Ine ndinakapempha mkaka wa ng'ombe, n'kumakamwetsa ndi supuni. Tsiku lachiwiri kanayamba kutsegula m'mimba. Lachitatu m'mawa ndinakapeza katauma m'dengu. Agogo anga aamuna atamva anangopukusa mutu, n'kunena kuti, "Mwangomubera mwana mwiniwake inu. Make anali pompo, amakuonani." Akuluakulu amati chifundo chidapha nkhwali. Changa chinapha gwape.

Zimene agogo ananena ndinadzazimvetsa nditakula. Gwape amabereka mwana mmodzi, ndipo masabata oyambirira sayenda naye. Amamubisa pa chitsamba kapena m'maudzu, iye n'kumakadya chapatali, n'kumabwera kudzayamwitsa kangapo patsiku. Mbawala nayo imatero, ndipo mwana wake amatha kukhala mobisikamo mpaka miyezi inayi asanayambe kutsatira make. Mayiyo amakhala patali dala, chifukwa akamangokhala pomwepo, fisi, nkhandwe kapena galu amadziwa msanga pamene pali mwana. Chitetezo cha kamwanako n'kugona phee osagwedezeka. Ndiye kusathawa kuja ife tinkati n'kufooka, kanali kakuchita zimene kanabadwa nazo.

Tsono mukapeza kamwana kotere katagona bwinobwino, kopanda bala, kosalira, chithandizo chachikulu n'kuchokapo. Itanani agalu anu, muwamangirire. Musaime pafupi kudikira kuti muone make, chifukwa inu mukadali pomwepo sabwera. Ngati wina wakatenga kale ndipo sipanapite nthawi yaitali, akakabwezere pamalo pomwe anakatola. Ambiri amaopa kuti make akakana chifukwa cha fungo la munthu, koma nthawi zambiri amakalandirabe.

Amasiye enieni alipo, sindikukana. Timawapanga ndife anthu: msampha wa waya ukakola mayi, agalu osaka akamugwira, galimoto ikamugunda, kapena moto wolusa ukadutsa. Wamasiye weniweni amaoneka. Amayendayenda akulira kosalekeza, kapena amagona chammbali miyendo atatambasula, ali wofooka. Mwina ali ndi bala, mwendo wathyoka, ntchentche kapena nyerere zamuunjirira, kapenanso make mwamuona atafa chapafupi. Apo ndiye pofunika munthu.

Koma munthuyo achite chiyani? Choyamba, kaikeni m'katoni kapena m'dengu loyalamo nsalu, pamalo amdima, ofunda, opanda phokoso. Ana asakagwire, agalu asayandikire, ndipo foni ikhale m'thumba. Zithunzi za pa Facebook zidikire. Nyama za mtundu umenewu zimafa ndi mantha okha. Zikathamangitsidwa kapena kugwiridwagwiridwa, minofu yake imawonongeka, ndipo zimatha kufa patapita maola kapena masiku ngakhale zilibe bala. Chachiwiri, musathamangire kukamwetsa. Mkaka wa ng'ombe umakatsegula m'mimba, ndipo kukathira mkaka m'kamwa mokakamiza kumalowetsa mkakawo m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Ine ndinalakwitsa zonse ziwiri. Chachitatu, dziwitsani anthu amene ntchito yawo ndi yomweyi, tsiku lomwelo.

Anthu amenewa kuno kwathu alipo. Pali nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire. Palinso malo a Lilongwe Wildlife Centre, omwe ali mkati mwa mzinda wa Lilongwe m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi, ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la Lilongwe Wildlife Trust. Kumeneko amalandira nyama zovulala, zamasiye ndi zolandidwa kwa anthu amene amazigulitsa, monga apusi, anyani ndi agwape. Dziwaninso kuti nyama zakutchire zili ndi lamulo lake, ndipo mu 2017 lamulolo analikonzanso, zilango zinakwera. Kusunga kapena kugulitsa nyama yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale unene kuti umaichitira chifundo.

Chimene chinandidabwitsa nditayamba kuwerenga za ntchito imeneyi n'chakuti kudyetsa ndi mbali yophweka. Chovuta n'kulera nyama osaizoloweza anthu. Kamwana kakafika, dokotala wa zinyama amakayeza, kukatenthetsa, kukabwezera madzi m'thupi ndi kutsuka mabala. Amakasunga kaye pakokha kuopa matenda. Mkaka woyenera amakapatsa ndi botolo, pang'onopang'ono, pa nthawi zoikika. Osamalira amakhala ochepa, ndipo sakanyamulanyamula kapena kusewera nako. Kakamakula amakaikira masamba ndi zipatso zakutchire, poti gwape amadalira masamba, osati udzu ngati ng'ombe. Kakasiya mkaka kamapita mumpanda waukulu wa zitsamba, momwe kamaona anthu mwa apo ndi apo. Pomaliza amakatulutsa kumalo otetezedwa, komwe kuli chakudya ndi pobisala.

Taganizani, aise. Wadzuka usiku miyezi ingapo kumwetsa kanyama, ndiye tsiku lina ukuyandikira mpanda, iko n'kuthawa kukabisala. Kwa wosamalira, limenelo ndi tsiku losangalala. Gwape amene saopa munthu sakhalitsa kutchire. Amayenda yekha kupita kwa mlenje, amalowa m'mudzi momwe muli agalu. Komanso wamphongo woleredwa pakhomo akakula amasanduka choopsa. Nyanga zake n'zazifupi koma zakuthwa, ndipo poti anthu sawaopa, amatha kubaya mwana wa pakhomo pomwepo. Zikatero mapeto ake mukuwadziwa: amathera mumphika, kapena amakhala mumpanda moyo wake wonse.

Ife a gulu lino tilibe dokotala, tilibe mpanda, ambirife ngakhale ntchito tilibe, mayeso a Fomu 4 tangolemba kumene. Komabe amene amapeza tiana timeneti ndife: ife oweta mbuzi, otola nkhuni, okumba mbewa. Ndiye ndikupempha zinthu zitatu. Nyengo yotentha tchire ikubwera. Tiyeni tisiye kuyatsa thengo lonse chifukwa cha mbewa, popeza kamwana kobisika sikathawa moto, kamagona pomwepo monga kanazolowera. Mukaona msampha wa waya, dziwitsani amfumu kapena alonda a nyama zakutchire. Ndipo wina akakuonetsani kagwape pamsewu kuti mugule, musagule, ngakhale mtima uwawe bwanji. Ndalama yanuyo ndi imene idzamutume kukagwira kena mawa. Kanenereni kwa oyenera.

Msuweni wanga uja pano ali ndi mwana wake, ndipo tikakumana timaikumbukabe nkhaniyi. Chimene chimandipweteka si kufa kwa kanyama kokha ayi. Ndimaganiza za gwape uja atabwerera pachitsamba madzulo amenewo, bere litadzaza mkaka, n'kupeza palibe kanthu. Tikanangodutsa, tikanakhala kuti tathandiza.

Mukapita kunyumba, akawafotokozereni azing'ono anu, chifukwa ndi amene adzakapeze kotsatira.  Ngati pali mafunso, ndiyesa kuyankha.