Tsiku limene ndinauluka ku Cape Town

Mwakhala mukundifunsa za kuuluka kuja, ndiye ndinene kamodzi.

Kutatsala masiku atatu kuti ndibwerere kuno ku Milange, abwana amene ndinkawasamalira maluwa ku Cape Town ananditengera paphiri la Signal Hill. Akuti mphatso yotsanzikana. Anandimanga malamba pamodzi ndi woyendetsa, iye kumbuyo, ine kutsogolo, pamwamba pathu chinsalu chachikulu. Injini palibe, mphepo basi. Akuti, "Thamangani, musakhale pansi!" Miyendo inangopalasa m'malere. Ndinatsinzina, n'kumaganiza za ana anga. Potsegula maso, nyanja ili pansi, phee! Tinatera pakapinga ku Sea Point.

Nditamva mtengo wake mtima unawawa, abale, ndikanagula feteleza. Mayi a kunyumba akuzimva lero zimenezi, ndi awo akundiyang'anawo.