Maenje Akuda Oposa Nyenyezi Msinkhu

Omvera, dzenje lakuda ndi malo a m'mlengalenga amene mphamvu yake yokoka siilola ngakhale kuŵala kuthaŵa. Kaŵirikaŵiri limatsala nyenyezi yaikulu ikafa.

Pa 14 Sepitembala 2015, makina a LIGO ku America anamva mafunde ogwedeza mlengalenga, ochokera pamene maenje aŵiri anawombana ndi kusanduka limodzi. Lina linkalemera ngati madzuŵa 36, linzake 29. Kulemera kotereku kunakumbutsa akatswiri ganizo la Stephen Hawking la mu 1971, lakuti maenje ena anabadwa pachiyambi penipeni pa chilengedwe, nyenyezi zisanakhaleko.

Mlanduwu ukudikira mboni imodzi. Nyenyezi singasiye dzenje lopepuka kuposa dzuŵa. Lotero likadzapezeka, anthu adzakhala atamva liwu lochokera ku mphindi yoyamba ya chilengedwe.